Buku la Mbalame pa Gombe la Luangwa

Mwezi wa June, pamene cisanu ciluma zala, ndinapempha masiku aŵiri ku nchito, ndipo ndinacoka ku Rufunsa kutsata mseu wa ku Chipata kufikira pa mlatho wa Luangwa. M'thumba munali buku la Cingerezi, The Birds of Zambia, losindikizidwa m'caka ca 1971. Alembi ake ndiwo Benson, Brooke, Dowsett ndi Irwin. Ndinafuna kuliyesa pa gombe penipeni, pakuti khasu saliyamika liri m'sitolo.

Tinalaŵira mbandakuca, ine ndi nkhalamba ina yosodza nsomba. Madzi anali ozizira koopsa, ndipo nkhungu inagona pa mtsinje. Tinaona akakowa pa mcenga, nanchengwa alikusanthula m'thope, ndi nkhwazi ziŵiri pa mtengo wouma.

Coyamba ndiliyamike bukuli. Silinena za m'maluŵa. Liuza munthu dera limene mbalame ipezeka, miyezi imene iikira mazira, ndiponso ngati iri mbadwa kapena mlendo. Amene aliŵerenga sadzataya nthaŵi kufuna namzeze wa ku Ulaya m'mwezi wa June, popeza iye afika kuno ca mu October, nabwerera ca mu April. Ife olembera m'maofesi tidziŵa kuŵaŵa kwace kwa kusonkhanitsa mbiri yotere popanda bodza.

Koma ciripo cimene cinandilasa mtima. Nkhungu isanayere, maso analibe nchito, ndipo buku linali ngati mwala m'dzanja langa. Nkhalamba ija inangocera khutu niti, "Mwana wanga, atsekwe awo alikutsika, uko nkhwali zadzuka." Pamenepo ndinakumbukira Jali Makawa. Munthu ameneyu anayenda ndi Benson zaka zambiri, kuyambira ku Nyasaland, kudza kuno kwathu, kufikira ku zisumbu za Comoro m'caka ca 1958. Anali kuzindikira mbalame ndi kulira kwace, naiitana poyesezera mau ace mpaka ibwere pafupi. Kodi ndi mizere ingati ya m'mabuku a Benson imene inayamba kuloŵa m'khutu la Makawa isanafike pa pepala?

Ndisanamize malemu: Benson sanambise mnzace. Anamtama poyera, ndipo iripo mbalame imene inapatsidwa dzina la Cilatini lakuti makawai. Koma kupatsa mbalame dzina la munthu ndi kwina, kumuŵerengera pakati pa alembi ndi kwinanso. Pa cikuto pali maina anai, ndipo la Makawa palibe. Kapena ndanyanya pa mlandu uwu, cifukwa inenso ndalembapo malipoti amene ena anasaina. Woŵerenga aweruze yekha. Mai Nancy Jacobs anaufukula bwino m'buku lao la Birders of Africa, la m'caka ca 2016, koma nalonso liri m'Cingerezi, ndipo adzukulu a asodzi a pa Luangwa sadzaliona msanga.

Dzuŵa litakwera tinakhala pansi kuotha moto. Ndinamfunsa mkuluyo ngati angalole kuti ndilembe maina onse a mbalame amene adziŵa, ndi dzina lace pamwamba. Anaseka nati, "Ubwere ndi mapepala ambiri." Asanatsirize, anatukula cala: nsadzu inalikulira kuseri kwa mbuyu. Iye ananyamuka ndi nkhwangwa kukafuna uci, ine ndikali kutembenuza masamba a buku.