Chipewa cha Chilembwe

M'chaka cha 1914 John Chilembwe anatsegula tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, najambulitsa chithunzi ataima ndi bwenzi lake John Chorley, mmishoni wachizungu. Chaka chotsatira, nkhondo ya Chilembwe italephereka, asilikali a boma anagumula tchalitchicho, ndipo mwini wake anakwiriridwa m'manda osadziwika. Chithunzi chija chinapulumuka.

Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi wobadwa mu 1975, anatenga chithunzicho naumba chiboliboli cha anthu awiriwo chotchedwa Antelope, chimene chinaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira 2022 kufikira 2024. Chorley anamuumba pa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamukuza kwambiri, chipewa chili kumutu.

Tsono wina angafunse kuti, kodi mmisiri sananame potalikitsa munthu chotero? Sananame ayi. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu, ndipo Chilembwe sanavule. Pa chithunzi chakale chipewacho chingaoneke ngati chokongoletsa chabe cha mbusa wovala bwino. Pomukuza munthuyo, Kambalu wachititsa wopenya kukweza maso kufikira ataona chipewa, nazindikira kuti pamenepo panali mlandu.

Dzina lakuti Antelope likumbutsa Kasiyamaliro wa Gule Wamkulu, chilombo cholukidwa ndi makoko a chimanga, chimene chimatenthedwa mwambo ukatha. Makoko alibe mtengo pamsika, komabe mudzi wonse umachiopa chilombocho, pakuti ulemu wake uli m'zimene chimasenza.

Pali chimodzi chodandaulitsa. Tchalitchi cha ku Mbombwe mmisiri wachisiya kunja. Mlendo wodutsa pa bwalolo anaona amuna awiri ovala bwino, osaona njerwa zimene anthu anaumba ndi manja awo, zimene boma linagwetsa. Popanda bwinja limenelo, chiboliboli chikhoza kusanduka chikomekome cha mkuyu, chokondweretsa maso okha.

Ngakhale zili choncho, ntchitoyi ndi yoyenera kuyamikidwa. Mwana wa ku Msongwe mu Mzuzu, akatumidwa kukagula mchere ndi K500, amanyamula nkhope ya Chilembwe m'dzanja, koma maso ake ali pa nambala. Kambalu waika munthu yemweyo pamene sangasinthitsidwe ndi mchere, kuti womuona ayambe wafunsa kuti anali yani, ndipo anaferanji.