Mendulo, Kaundula ndi Mabuku Awiri a Keyala

Pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi m'sukulu za pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, mai wina wachikulire anatiitana m'khonde mwake natiturutsira kachitini kakale ka fodya. M'katimo munali mamendulo anai a malemu atate ake: nyenyezi ziwiri zachikasu ndi ena awiri ozungulira, tinsalu take titasuluka kale. Anati bamboyo anali kalaliki wa malipiro m'gulu la Keyala, ndi kuti anafika ku Burma osaombako mfuti ndi kamodzi komwe. Tsono anafunsa kuti, "Kodi inu ophunzira simungawerengepo apa kuti anagwira zaka zingati?" Ndinatembenuza mamendulowo uku ndi uku, koma panalibe dzina ngakhale nambala. Funso la maiyo ndilo landichititsa kuyesa mboni zitatu zimene mphunzitsi angaziitane pofuna kudziwa mbiri ya anthu otere, ndizo mendulo yeniyeniyo, buku la Moyse-Bartlett ndi buku la Melvin Page.

Tiyambe ndi mendulo, popeza ndiyo imene mudzakomana nayo m'midzi. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analicha Keyala, linakhazikitsidwa pa 1 January 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland. Koma asilikari a kwathu anali atayenda kale dzinalo lisanabadwe: anamenya nkhondo ya Ashanti ku Gold Coast mu 1900, ndipo pambuyo pake anatumizidwa ku Somaliland kukalimbana ndi Sayyid Mohammed Abdullah Hassan, kumene ambiri a bataliyoni yachiwiri anathera pa Gumburu mu April 1903. Maulendo otere anali ndi chizindikiro chake. Mendulo yochedwa Africa General Service Medal inayamba mu 1902, ndipo pa kansalu kake ankapingasapo kachitsulo kolembedwa dzina la nkhondo imene munthu anapitako. Mamendulo a masiku amenewo, pamodzi ndi a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anali kudindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake, ena m'mphepete, ena kumbuyo. Koma a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 Boma la Angerezi linawapereka opanda dzina, ndicho chifukwa chake a m'kachitini aja anali duu.

Ku England kuli anthu amene amasonkhanitsa mamendulo monga ena asonkhanitsira masitampa. Akagula mendulo ya kalaliki wa Army Pay Corps amene anatumikira pa nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902, amatenga nambala ya m'mphepete ija, napita nayo ku nyumba ya zolembedwa zakale ku Kew, nalondola moyo wonse wa munthuyo: tsiku limene analowa, pamene anakwezedwa kukhala sajeni, maiko amene anakhalako, ngakhale ndalama za penshoni yake. Nchito yao ndi yaukhondo, ndipo sindiinyoza ai. Mphunzitsi wa mbiri angaphunzirepo kusanena kanthu kopanda pepala lochitira umboni. Chodabwitsa ndi chakuti anthu a cholembera awa, amene sanatame mfuti, ndiwo amene mbiri yao ilondoleka bwino, pakuti gulu lokhala ndi nchito yosunga mabuku silingalephere kudzisungira okha. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake. Iona yekhayo amene analembedwa, ndipo imuona monga momwe wolembayo anafunira kumuona. Mendulo siinena bodza, koma inena zochepa, ndi zokomera amene anaipereka.

Taonani chitsanzo chimene chidzakubvutani m'kalasi. Pakati pa tizitsulo ta Africa General Service Medal pali kena kolembedwa "Nyasaland 1915". Kanaperekedwa kwa asilikari a Keyala ndi kwa Azungu odzipereka amene anathetsa kuukira kwa John Chilembwe mu January ndi February chaka chimenecho. Lero nkhope ya Chilembwe iri pa ndalama zathu, ndipo pa 15 January sukulu zonse zipuma pomkumbukira. Mwana akadzabwera ndi mendulo yotere ya agogo a agogo ake, mudzanena chiani? Kuitama chabe simungathe, kuitaya kudzala simungathenso, chifukwa msilikariyo analumbira lumbiro ndipo analisunga. Ndiponso Duncan Njilima anaphedwa ndi Boma mu 1915 pa mlandu wa kuukirako, pamene mwana wake Frederick anakamenyera Angerezi omwewo ku France nalandira Military Medal. Nkhani zotere sizikwana pa kachitsulo kotalika ngati chala.

Mboni yachiwiri ndi buku lalikulu la Lieutenant-Colonel H. Moyse-Bartlett lochedwa The King's African Rifles, losindikizidwa mu 1956, lofotokoza zaka za 1890 mpaka 1945. Munthu wofuna kudziwa kuti bataliyoni yakuti inali kuti pa mwezi wakuti sadzapeza lina loposa ili. Nkhondo ya pa Karonga ya 9 September 1914, ulendo wa magulu a General Northey kulowa m'dziko la Ajeremani kuyambira 1916, kugonja kwa von Lettow-Vorbeck pa Abercorn pa 25 November 1918, zonsezi ziri m'malo mwake. Koma wolemba anali mkulu wa asilikari wolembera akulu anzake. M'masamba ake Azungu ayenda ndi maina ao, pamene anthu akuda kawirikawiri ayenda m'mawerengero: akufa akuti, olasidwa akuti. Sindinena kuti anali ndi mtima woipa, pakuti ayamikira kulimba mtima kwa asilikari athu mosabisa. Koma kuyamikira gulu ndi kwina, kudziwa munthu ndi kwinanso. Ndiliyesa buku loyenera kukhala pa shelefu ya koleji, lofunsidwa masiku ndi malo, koma losayenera kupatsidwa mau otsiriza.

Tsono tiime pang'ono pa tebulo la malipiro, pakuti mpamene pagona nkhani. Tsiku la malipiro asilikari anali kufola, aliyense naitanidwa ndi nambala yake, nalandira ndalama pamaso pa mkulu wachizungu, nadinda chala kapena kulemba dzina. Pambali panali kalaliki, kawirikawiri munthu wakuda wophunzira ku sukulu ya mishoni, monga zija zinayamba kufalikira kuno Ambuye Oyera atafika pa Mua mu 1902. Iye ndiye anali kumva dzina la mnyamata wa ku Bembeke kapena wa kwa Kachindamoto ndi kuliika pa pepala, pamodzi ndi dzina la atate, la mfumu ndi la boma lake. Kuchokera m'kaundula ameneyo munaturuka zonse: ndalama zotumiza kwa mkazi kudzera kwa Bwana D.C., ndalama zosungidwa kufikira tsiku lomasulidwa, mphotho ya pomaliza nchito, ndi mndandanda wa oyenera mendulo. Kalaliki akaphonya chilembo, kapena mnyamata akapereka dzina lina poopa kuti akwao angamlondole (ndipo ambiri anali kutero), ndalama za wakufa sizinapeze khomo. Chotero munthu amene anzake ankamseka kuti amenya nkhondo ndi inki anali atagwira chakudya cha akazi amasiye m'dzanja lake. Ife aphunzitsi, amene tiitana maina m'mawa uli wonse ndi kulemba rejisitala mothamanga, tisamuyese mlendo munthu ameneyu.

Nanga amene kaundula sanawasunge bwino? Pa nkhondo yoyamba dziko lino linapereka asilikari pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ambiri ogwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu ndi maboma. Anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema m'mapiri a kumpoto, nafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Ochuruka a iwo sanaone mendulo iri yonse. Ngakhale kumene antchito a mitundu ina anakumbukiridwa, British War Medal ya msilikari inali yasiliva, pamene ya magulu a anchito ochokera ku China, Malta ndi India inali yamkuwa. Ku Kenya ndalama za amtengatenga akufa zimene eni ake sanapezeke zinakhala mlandu kufikira m'zaka za 1930. Chipilala cha Keyala ku Zomba, pamene akuluakulu aika nkhata m'mwezi wa November, chiri ndi maina oposa 1,200 a asilikari, koma osenza katundu wao mulibe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufikira 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao kapena sanakumbukiridwe konse. Chilembwe anali ataliona kale bvutoli m'kalata imene analembera Nyasaland Times mu November 1914, pamene anafunsa chimene anthu akuda anapindula pa mwazi umene anakhetsa m'nkhondo za Boma, ndi amene adzasamala amasiye ao.

Apa mpamene mboni yachitatu iposa zinzake. Melvin Page, wa ku America, anali kuphunzitsa ku Chancellor College kuchiyambi kwa zaka za 1970, ndipo iye ndi ophunzira ake anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo. Buku lake, The Chiwaya War, linaturuka mu 2000, ndipo Mzuni Press inalisindikizanso mu 2021. Dzina lomwelo lionetsa kumene wolemba anaima, chifukwa chiwaya ndi dzina limene anthu athu anapatsa mfuti ija yolira mosalekeza. M'bukumu mtengatenga alankhula, ndipo timva za kuthawira kuthengo poopa amesenjala, za minda yosalimidwa, za nthenda ya fuluwenza ya 1918 imene inatsata asilikari kumudzi, ndi za kukhumudwa kwa obwerera poona kuti mphotho inali yochepa kusiyana ndi malonjezo. Ndalama zimene kwa Moyse-Bartlett ziri nkhani ya malamulo a Boma, kwa Page ziri nkhani ya m'mimba ndi ya mtima.

Komabe ndikhala wosakhulupirika ndikapanda kunena zofooka zake. Okalamba aja anali kukumbukira zinthu za zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo tonse tidziwa kuti nkhani yokambidwa pamoto kawirikawiri imera nthambi. Ndiponso olankhulawo ndi amene anapulumuka. Amene anagona m'njira ya ku Songea sanafunsidwe. Pamenepa kaundula wouma uja abwezera: nkhalamba ikati inatumikira zaka zisanu ndi ziwiri, pepala la kalaliki lingaibvomereze kapena kuiwongola. Chimene chindipweteka koposa ndi chakuti mau amene ananenedwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka atifika m'Chingerezi. Mphunzitsi wa Sitandade 7 ayenera kuwabwezeranso yekha m'chinenero chimene anabadwiramo, ndipo pa maulendo awiri otere mchere wambiri utayika. Tikusowa buku la Chichewa la nkhondo imeneyi, ndipo koleji ngati yathu siingathe kuloza wina chala.

Mai wa ku Golomoti uja ndinamuuza zimene mamendulo ake anatha kunena. Nyenyezi ina inali ya 1939 mpaka 1945, inzake inali Burma Star, imene igwirizana ndi nkhani yake, pakuti mabataliyoni a kuno anali m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944. Za zaka za utumiki ndinamuuza kuti zikapezeka m'kabuku ka malipiro kapena m'chikalata chomasulira msilikari, pamene pali nambala yake. Analowa m'nyumba, nafunafuna m'sutikesi, nabwera ndi pepala lopindidwa kanai, lodyewa ndi njenjete m'mbali. Nambala inalipo, ndi sitampa, ndi dzina la mudzi lolembedwa ndi dzanja lokongola lopendekera kumanja. Maiyo anati dzanjalo alidziwa, pakuti ndilo linkalemba makalata a mudzi wonse kufikira mwini wake atamwalira.