Ophika Pamaso pa Anthu ku Cape Town

Magetsi a khonsolo anayamba kuunikira Cape Town mu 1895, kuchokera ku Graaff Electric Lighting Works. Koma kukopa mayi wozolowera malasha ndi nkhuni kuti akhulupirire mbaula yopanda lawi inali ntchito ina.

M'zaka za m'ma 1930, otsatsa malonda anaigwira mwaluso. Zithunzi za mu nyuzipepala za Cape Times ndi Cape Argus zinkalonjeza khitchini yopanda utsi ndi mwaye, khonsolo n'kumagulitsa mbaulazo pangongole yolipira pang'onopang'ono. Oyenera kuwayamikira kwambiri ndi amayi omwe ankaphika keke pamaso pa ogula, fungo lake n'kumaliza malonda. N'zomvetsa chisoni kuti uthengawu unkalunjika makamaka kwa azungu.