Msoko Wobisala Pansi pa Mphuno

Tengani galasi muyang'ane kamalo kali pakati pa mphuno ndi mlomo wanu wam'mwamba. Chala chimodzi chikhoza kukaphimba konse, koma pali zambiri. Pakati pali kangalande kotsika kuchokera kumphuno. Uku ndi uku kwa kangalandeko kuli timizere tiwiri totukuka ngati mizere ya m'munda. M'munsi, pamene khungu likumana ndi kufiira kwa mlomo, malire ake amakwera kawiri n'kutsika pakati ngati uta. Mukaima powala muonanso kampendero kotukuka pang'ono kotsata malirewo, konga mpendero wa nsalu yosokedwa bwino.

Zonsezi zimaumbika m'mimba, pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7, nthawi zina mayi asanazindikire n'komwe kuti ndi woyembekezera. Mnofu wina umatsika kuchokera cha pamphumi, ina iwiri imachokera m'masaya, n'kukumana pansi pa mphuno. Ikalephera kugwirana, mwana amabadwa ndi mlomo wong'ambika, ndipo mpatawo umakhala pamene panayenera kudutsa kamzere kamodzi mwa tiwiri tija, kawirikawiri kumanzere. Padziko lonse, mwana mmodzi mwa pafupifupi 700 alionse amabadwa ndi mpata pamlomo, kudenga la m'kamwa, kapena konse kuwiri.

Mwana wotere akabadwira ku Chowe, pazitunda za kum'mawa kwa boma la Mangochi, ulendo wake umatsika msewu wochokera ku Namwera, kuwoloka mlatho wa pa Shire, n'kufika pachipatala cha boma. Kuchoka apo amamutumiza kuchipatala chachikulu cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Bungwe la Operation Smile, lomwe linayamba ntchito m'Malawi mu 2012, lakhala likuchititsa maopaleshoni otere, ku Zomba komweko ndi ku Lilongwe. Ntchitoyi amaitcha plastic surgery, ndipo dzinali limasokoneza anthu, poti amaganiza za pulasitiki wa zidebe. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuumba, monga aumbira mbiya mayi wodziwa dothi.

Chida choyamba pantchitoyi ndi sikelo. Madokotala ali ndi muyeso wakalekale wa manambala 10 atatu: mwana akwanitse masabata 10, alemere mapaundi 10, omwe ndi makilogalamu 4.5, ndipo magazi ake akayezedwa afike pa 10. Ambiri amasokedwa ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Choncho mmisiri woyamba ndi mayi. Mwana yemwe mpata wake wafika kudenga la m'kamwa amavutika kukoka bere, ndiye mayi amafinyira mkaka m'kapu, kumukhazika mwanayo chilili, n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, usana ndi usiku, mpaka sikelo ivomere.

Tsiku likafika, wogoneka odwala amalowetsa kapaipi kopumira m'kamwa mwa mwana. Kapaipi kameneka n'kopindika kuti katsike ndi chibwano, ndipo amakamata pakatikati penipeni. Kakapendekera mbali imodzi kangakoke mlomo, ndipo muyeso wonse wotsatira ungakhale wabodza. Dokotala amakhala pampando cha kumutu kwa mwana, atavala magalasi okulitsa zinthu. Apa ndi pamene ndimadabwa naye kwambiri, pakuti mpeni uli pambali koma iye saukhudza msanga. Amayamba wayang'ana, n'kuyang'ananso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'dzanja lake muli kachida ka miyendo iwiri kotchedwa caliper, kofanana ndi kampasi ya m'bokosi la masamu. Amayeza mbali yabwino ya mlomo, kuchokera patsinde la mphuno kufika pansonga ya uta uja. Kenako amayeza mbali yong'ambika. Tiyerekeze kuti uku kwatuluka mamilimita 11, uko 7. Mamilimita 4 osowawo ndiwo funso lonse la tsikulo: awapeza kuti? Sangakabwereke khungu kwina, chifukwa khungu la pantchafu silifanana ndi la pamlomo. Ayenera kuwapeza pomwepo. Ndipo alipo ndithu. Nsonga ya uta ilipo, kangalande kalipo, mnofu ulipo, kungoti zonse zinakokedwa n'kukakhala posayenera. Harold Gillies, amene ankakonza nkhope za asilikali ovulala pankhondo yoyamba yapadziko lonse pachipatala cha ku Sidcup ku England kuyambira mu 1917, ankaphunzitsa kuti chilichonse chabwinobwino chibwezedwe pamalo ake. Wosoka mlomo amayendera lamulo lomwelo.

Akapeza malo ofunika, amaika timadontho. Amaviika kansonga ka singano mu inki ya buluu, kapena mu GV, mankhwala apepo aja timapaka pazilonda, n'kubaya khungu pang'ono kuti dontho likhazikike. Akangojambula pamwamba, magazi ndi madzi otsukira angafufute. Amaika madonthowo asanabaye mankhwala ochititsa dzanzi, chifukwa mankhwalawo amatupitsa mnofu n'kusintha maonekedwe ake. M'jakisoni yemweyo muli adrenaline, yemwe amafinya timitsempha ta magazi. Dokotala amadikira mphindi zingapo mpaka mlomo utayererako, chizindikiro choti magazi sadzaphimba pomwe akudula.

Kadulidwe kake kali ndi mbiri. Kale ankangosenga mbali ziwiri za mpata n'kuzilumikiza molunjika. Chipsera chikamauma chimafupika, choncho mlomo unkakokera m'mwamba n'kusiya kampata poonekera dzino. Ralph Millard, dokotala wa ku America yemwe anaphunzira kwa Gillies, anapeza njira ina akugwira ntchito ku Korea, ndipo anaifotokoza pamsonkhano wa ku Stockholm mu 1955. Amadula mokhota pansi pa mphuno, kuti mbali yonse yokhala ndi uta ndi kangalande itembenukire pansi ngati chitseko pahinjesi, mpaka uta utakhala mopingasa bwino. Pamwamba pamatsala mpata, ndipo mpatawo amaudzaza ndi mnofu wokokedwa kuchokera mbali inayo. Mu 2005, David Fisher wa ku Toronto anasindikiza njira yoyezera pamadontho 25, yomwe imagoneka msoko ndendende pamene panayenera kukhala kamzere kotukuka kaja, n'kuwonjezera kachidutswa kakang'ono ka makona atatu pamwamba pa mpendero. Telala wodziwa ntchito pamsika wa Mangochi angaimve nzeruyi msanga. Akamalumikiza chitenje cha maluwa, amakumanitsa duwa ndi duwa, ndipo msoko amauika pomwe nsalu ikupindika kale.

Tsopano mpeni. Kalumo kake n'kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chakaniso. Womuthandiza amapana mlomo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti atseke mtsempha wodutsa m'katimo. Khungu salipana mwamphamvu, poopa kulitundudza. Amalikweza ndi kambedza kowonda kopanda ndevu, kongokola m'mphepete. Mlomo uli ndi zigawo zitatu: khungu kunja, mnofu pakati, ndi kachikopa konyowa m'kati. Dokotala amazilekanitsa chimodzichimodzi, mamilimita ochepa okha, kuti chilichonse chidzakumane ndi chinzake.

Chigawo chapakati ndicho mwini nkhani. Mnofu umenewu, womwe dzina lake ndi orbicularis oris, umazungulira pakamwa ngati chingwe chomangira kukamwa kwa thumba. Ndiwo umatseka milomo poyamwa, poimba mluzu, ndi potchula "p", "b" ndi "m". Mwa mwana wong'ambika mlomo, chingwecho n'choduka, ndipo nsonga zake ziwiri zinakhotera m'mwamba n'kukamera patsinde la mphuno. N'chifukwa chake mphuno ya mbaliyo imaphwatalala: nthawi iliyonse mwana akalira, mnofuwo umaikokera kumbali. Dokotala amamasula nsongazo pomwe zinamera, kuzigoneka mopingasa, n'kuzisoka ndi ulusi wosungunuka wokha m'thupi. Ena amasanjikiza nsongazo pang'ono kuti pamwamba patukuke kamzere kofanana ndi ka mbali yabwino. Amamasulanso kafupa kofewa ka kunsonga kwa mphuno n'kukakweza, mpaka mabowo awiriwo atayandikira kufanana.

Mnofu ukasokedwa bwino, khungu limangogundana lokha lisanasokedwe n'komwe. Chinsinsi cha chipsera chowonda chagona pamenepa: katundu yense asenze mnofu wam'kati, khungu lisakokedwe. Wosoka ukonde kunyanja ya Malombe amadziwa kuti kulemera kwa nsomba kumatsamira pachingwe cham'mphepete, ndipo maso a ukonde akamangidwa mokoka amang'ambika tsiku lomwelo.

Ulusi woyamba wa pakhungu umapita pamadontho awiri a pampendero. Pamenepa pakaphonyeka ndi milimita imodzi yokha, munthu woima naye pocheza aona kuti mzere wa mlomo wathyoka. Dokotala amamanga mfundo, amaweramuka, amayang'ana ali kumutu, amasuzumiranso kuchokera kuchibwano. Akapanda kukhutira amamasula n'kuyambanso. Ulusi wake ndi wa nambala 6-0, wowonda ngati tsitsi, ndipo singano yake n'njokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Saikankha, amaizunguza ndi dzanja kuti itsate kukhota kwake. Imalowa choimirira n'kutuluka mbali inayo pakuya kofanana, kuti milomo ya bala itukuke pang'ono. Bala losokedwa motukuka limadzaphwa n'kukhala losalala, pomwe losokedwa mosalala limadzalowa m'kati n'kumagwira mthunzi. Mfundo amaimanga mongokwanira kugundanitsa, chifukwa mawa mnofu utupa, ndipo mfundo yothina imasiya timabala tonga mapazi a bongololo.

Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri, koma chipsera chimatenga chaka kapena kuposerapo kuti chikhwime. Ulusi wakunja, ngati suli wosungunuka, amauchotsa pakatha masiku 5 mpaka 7. M'mwezi wachiwiri chipsera chimafiira, chimalimba, ndipo mlomo umakwerako pang'ono. Imeneyo ndi njira yake ya bala. Apa ntchito imabwerera m'manja mwa mayi. Achipatala akamuloleza, amapaka mafuta pachala n'kumasisita chipseracho mozungulira ndi motsitsa, kangapo patsiku, ndi kumuteteza mwana kudzuwa. Khungu lathu lakuda limakonda kutukula zipsera, choncho chipsera chikanenepa dokotala amabaya m'kati mwake mankhwala otchedwa triamcinolone, omwe amachifewetsa n'kuchiphwetsa. Mlomo ukadzaoneka wopyapyala mwana atakula, akhoza kutenga mafuta pang'ono pamimba pake kapena pantchafu, kuwasefa, n'kuwabaya pamlomopo timadontho timadontho.

Malamulo omwewa ndi amene amatsata madokotala a ku Johannesburg kapena ku London, komwe anthu amalipira kuti nkhope yokalamba ibwerere m'mbuyo. Kale ankangokoka khungu, ndipo nkhope inkatuluka yokungika ngati ng'oma. Mu 1976, madokotala awiri a ku France, Mitz ndi Peyronie, anafotokoza kachikopa kolimba kokhala pansi pa khungu la masaya. Lero wodziwa ntchito amakweza chimenecho, khungu n'kungoliyala pamwamba, ndipo msoko amaubisa m'kupindika kwa kutsogolo kwa khutu ndi m'tsitsi. Jakisoni wa Botox naye amagwira mnofu. Jean Carruthers, dokotala wa maso wa ku Vancouver, anaona mu 1987 kuti odwala omwe ankawabaya chifukwa cha zikope zophethira mosalekeza ankasalala pakati pa nsidze, ndipo mu 2002 boma la America linavomereza mankhwalawa pochotsa makwinya amenewo. Amafooketsa mnofu kwa miyezi 3 kapena 4. Luso lake lili posankha mnofu woti upume ndi woti ugwirebe ntchito, kuti munthu azithabe kudabwa ndi kuseka. Pomwe tsaya laphwa amabayapo hyaluronic acid, chinthu choterera chomwe khungu limapanga kale ndipo chimasunga madzi. Wobayayo ayenera kudziwa njira ya mtsempha uliwonse wa kunkhope, chifukwa mankhwalawo akalowa mumtsempha angaphe khungu kapena diso. Uku ndi uko muyeso ndi umodzi: ntchito yatheka ngati woyang'ana sakutha kuloza pomwe dzanja linadutsa.

Mlomo wosokedwa umayesedwa ukamayenda. Pachithunzi, munthu atatseka pakamwa, ngakhale msoko wa khungu lokha ungaoneke bwino. Koma mwana uja akafika zaka zisanu, atakhala pamoto m'mawa wa mwezi wa June pazitunda za Chowe, amatola chimanga chootcha, n'kusongola milomo kuti auzire phulusa. Ngati mnofu sunalumikizidwe, pakati pamalowa ndipo m'mbali mumatupa timibulu tiwiri. Ngati unagonekedwa bwino, chingwe chija chimakokana mozungulira, kangalande kamazama pang'ono, timizere tiwiri timatukuka mofanana, ndipo mpweya umatulukira pakabowo kamodzi kozungulira pakatikati. Kamzere kena n'kobadwa nako, kena n'kosokedwa ndi ulusi wa 6-0, ndipo wokhala naye pamotopo sangadziwe kuti kosokedwa ndi kati.