Gule Sayambira pa Bwalo

Alendo akunja akafika mu Lilongwe n'kufunsa za Gule Wamkulu, kawirikawiri amawaonetsera pa kapinga wa hotela, popanda ndi fumbi lomwe. Chilombo chimangotulukira, n'kuvina mphindi zochepa, makamera n'kuthwanima, basi zatha. Amabwerera kwawo ataona nthenga ndi nsanza zokha. Akanatsata msewu wa ku Mchinji, kupitirira Chitedze, n'kukakhala pa mpalo m'mudzi wina ku Nsaru kapena kwa Kabudula, akanazindikira kuti gule amayamba chilombo chisanaponde pa bwalo.

Ng'oma ya mbalule ndiyo imayamba kuitana. Amayi amavomera nyimbo uku akuomba m'manja, maso onse ali cha ku liunde, kumene zilombo zimatulukira. Chadzunda sabwera mothamanga. Amadza atawerama, akutsimphina, ali dzandidzandi ngati nkhalamba yotheratu, mpaka wosamudziwa n'kumamumvera chisoni. Ng'oma ikangotembenuka, msana uja umawongoka, mapazi n'kuyamba kupalasa, fumbi n'kuti kobo. Mphamvu imeneyi imadabwitsa chifukwa taona kaye kufooka kuja. Mukadula kubwerako, chotsala ndi kulumphalumpha kopanda nkhani.

Ndiye pali kukambirana kwa ng'oma ndi mapazi, kumene ine ndimati ndiye mtima wa luso lonseli. Woyimba mbalule waluso sayang'ana anthu, amayang'ana miyendo ya chilombo. Pena amatsogolera, pena amatsatira, ndipo akaphonya chilombo chimatha kuima chilili, kukana ng'oma, mpaka iye ataipeza. Khutu lotere silipezeka mwezi umodzi. Ngakhale nkhope yofiira ya Simoni, yomwe sisintha, imaoneka yonyada kapena yosokonezeka malinga ndi mmene khosi lapendekera.

Pa nkhani yoonetsa alendo tingaphunzire kwa ena: ku Japan kuli sewero lakale lotchedwa Noh, limene Zeami analikhwimitsa m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400. M'masewero ambiri a Noh mwini nkhani amakhala mzimu, ndipo amalowa pang'onopang'ono podzera pa kamlatho kolumikiza kuseri ndi bwalo, kukuimbidwa chitoliro ndi ng'oma. Nkhope yake yosemedwa ku mtengo imawala akaikweza pang'ono, akaiweramitsa imagwa chisoni. Bungwe la UNESCO linalemekeza Noh mu 2001, Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2008 onse awiri analowa m'kaundula mmodzi wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Ku National Noh Theatre mumzinda wa Tokyo, mlendo amamuthandiza ndi mawu omasulira pa kakanema kapampando. Kamlatho kaja sanakachotse, ndipo mzimu umayendabe mwakachetechete monga kale.

Ifenso njira tili nayo. Ku Kungoni, ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito yawo mu 1976, mlendo amauzidwa dzina la chilombo ndi phunziro lake. Chosowa m'midzi ya kuno n'chaching'ono: mwini mzinda avomereze, ndipo pakhale munthu wokhala pambali pa mlendo, womunong'oneza zimene amayi akuimba popanda kuulula za kudambwe. Mlendoyo adikire monga tonse timadikira. Posupa asaiwale oyimba ng'oma ndi amayi aja. Kasiyamaliro yekha ndiye asamanyamulidwe pa galimoto kupita ku hotela, chifukwa malo ake ndi pamaliro ndi pamiyambo ya mudzi.