Mbale za ku China pa Mankhamba: anasankha ndani?

Sabata ino ndabwera ndi buku la a Yusuf Juwayeyi, Archaeology and Oral Tradition in Malawi, lomwe linatuluka mu 2020. Ndinachita kubwereka, ndipo ndaliwerenga pang'onopang'ono pa benchi yanga pano pa Linthipe, makasitomala akati zii.

A Juwayeyi anafukula pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomweli la Dedza, pomwe panali likulu la Kalonga wa Amaravi. M'nthakamo munatuluka mikanda yagalasi yochokera ku Asia, mkuwa, minyanga ya njovu, ndi mapale a mbale zonyezimira za ku China za zaka zoposa 400 zapitazo. Masiku amenewo katundu wa ku Asia ankatsikira m'madoko a nyanja ya India, komwe amalonda achisilamu ndi Apwitikizi ankalimbirana msika, kenako n'kukwera kumtunda kuno.

Ndiwayamike kaye. Ambirife tinakula tikuganiza kuti dziko lino linadziwana ndi akunja Livingstone atafika mu 1859. Phale limodzi lokha lathetsa nkhani imeneyo. Ndakondanso kuti mawu a agogo sanawataye, awaika pambali pa zofukulazo kuti zitsimikizirane.

Koma dandaulo ndili nalo. Akatswiri a luso la ku Asia akagwira phale amafunsa kuti linawotchedwa kuti, chaka chanji. Ine wogulitsa mbale ndi zitenje funso langa ndi lina: anasankha ndani? Ndikaoda zitenje ku Lilongwe, za maluwa amene amayi a kuno sanawakonde zimagona m'katoni mpaka kusuluka, mpamba n'kuthera momwemo. Ndiye mkanda umene unayenda ulendo wonsewo mpaka pa Mankhamba, alipo anauika pachikhatho n'kunena kuti uwu eya, uwu ayi. Diso la wogulayo ndi lusonso. M'bukumu Kalonga ndamuona bwino, koma mayi wovala mikandayo sindinamumve mokwanira.

Chinanso, bukuli ndi la Chingerezi, cholimba ndithu. Ine wa Folomu 4 ndatuluka nalo thukuta. Nanga mlimi wa pa Mtakataka, amene khasu lake limagunda mapale omwewo, adzamva liti kuti akuponda pa likulu la makolo ake?

Aphunzitsi muli pagulu pano, ndani angatiikire nkhani ya Mankhamba m'Chichewa? Ine ndidzagulitsa kabukuko pa benchi pomwepa, pambali pa mbale za ku China za lero.