Imam Nawawi Amayankhula mu Kasanjidwe ka Makomo

Wotsegula Riyad as-Salihin koyamba angaganize kuti mlembi wake sanachite kanthu koposa kutolera. M'bukumo muli ma Hadith pafupifupi 1,900, ambiri ochokera kwa Bukhari ndi Muslim, ndipo mawu a mwini bukuyo ndi ochepa: apa watanthauzira liwu lovuta la Chiarabu, apo watchula amene anailandira Hadith, basi. Komatu Yahya ibn Sharaf an-Nawawi, Allah amuchitire chifundo, anali ndi zoti anene, ndipo anazinena posankha khomo loyamba ndi lotsatira.

Buku likuyamba ndi kuyera kwa niya, kenaka kulapa, kupirira ndi kunena zoona. Makomo a Swala akubwera patsogolo ndithu. Munthu wa fiqh, amene mu Minhaj at-Talibin anayamba ndi za twahara, pano wayamba ndi mtima.

Luso limeneli likuoneka bwino pa makomo a utsogoleri. Asanafike pa khomo lolamula anthu kumvera atsogoleri, waika khomo lolamula atsogoleri kuchitira chifundo anthu awo, ndi lina la mtsogoleri wachilungamo. Ngakhale kumverako wakuikira malire pa mutu pomwe: kusakhale m'zinthu zonyoza Allah. Amene amatola Hadith za kumvera zokha, nasiya makomo awiri oyambawo, akumunamizira Imam. Iyeyu, mwana wa m'mudzi wa Nawa amene anabadwa mu 1233 nadzatsogolera Dar al-Hadith al-Ashrafiyya ku Damascus, analembera makalata Sultan Baybars kutsutsa misonkho yolemetsa komanso kulanda minda ya anthu. Baybars anali mfumu yoti inali itamenyana ndi a Mongol, sanali wosewera naye.

Chofooka cha bukuli chikuchokera pa kufatsa komweko. Poti mlembi safotokoza zambiri, wowerenga wopupuluma amatenga Hadith imodzi n'kuisandutsa lamulo loweruzira anzake pa mzikiti. Malamulo a Shafi'i, madhhab amene anafika kunyanja kuno kudzera ku Kilwa ndi Zanzibar, Nawawi anawaika mu Minhaj, buku lofinyika kwambiri moti Ibn Hajar al-Haytami ndi ar-Ramli anachita kulilembera ndemanga zazikulu. Kumene anayamba kutambasula maumboni ndi kusiyana kwa ma Ulama ndi mu al-Majmu', koma anamwalira ku Nawa mu 1277 asanalimalize, ali ndi zaka zosakwana 45.